Kapangidwe ka galimoto yoseweretsa yoyendera labala

Mwakulunga labala, mwaika galimoto pansi, ana azungulira maso ali tong'o. Mwaisiya. Labala wamasuka kamodzin'kamodzi, mateyala azungulira pamalo amodzi ngati minibasi yotitimira m'matope, koma galimoto ili chiimire. Kapena yasuntha pang'ono n'kukhotera kunsi kwa mpando. Ambiri akafika apa amati labala ndi wofooka, ndiye amawonjezera wachiwiri ndi wachitatu mpaka katoni kupindika pakati.

Kawirikawiri labala sakhala ndi mlandu. Amene tinakula tikukankha galimoto za mawaya ndi za mapaketi a Chibuku sitinkada nkhawa ndi teyala lokhwepa, chifukwa injini anali mwana mwiniyo. Galimoto ya labala ndi ina. Labala amazunguza ekiselo, kamtengo kolumikiza mateyala awiri, ndipo ekiseloyo ndiyo imazunguza mateyala. Choncho ekiselo iyenera kuzungulira momasuka m'kapaipi kake, koma mateyala ayenera kuigwira ekiseloyo kuti thi. Pokhwepa pakhwepe, pothina pathine. Mukasemphanitsa ziwirizi, ngakhale mutamanga malabala khumi galimoto sichoka.

Zofunika kusonkhanitsa

Katoni yolimba, ya sopo kapena ya mafuta ophikira, yosanyowapo
Mapatapata akutha, a phazi lokulirapo
Zivindikiro ziwiri za mabotolo zofanana, ngati mapatapata sakwanira mateyala onse anayi
Timitengo tiwiri ta nsungwi, kapena tootchera nyama togula m'sitolo
Timapaipi tiwiri tomwera zakumwa, kapena mabolopeni awiri otha inki
Malabala awiri kapena atatu, aja omangira ndalama
Timitengo ta machesi, ulusi, ndi mikanda inayi ya bowo lalikulu
Guluu ndi selotepi
Mpeni wakuthwa kapena lezala, lumo, msomali wochepa, lula, pensulo ndi pepala

Za labala ndinenepo pang'ono. Wodula ku chubu chakuda cha njinga ndi wabwino kumangira katundu pakaliyala, koma pa ntchito iyi ndi wouma, ndipo sabwerera mwachangu mukamutamula. Ngati mulibe wina, mudule mopyapyala kwambiri, osaposa mamilimita atatu m'lifupi. Koma malabala omangira ndalama ndiwo eni ake. Musanagwiritse ntchito, tamulani aliyense n'kumuyang'ana: akaoneka timing'alu kapena akamamatirira ku zala, ameneyo watha, tayani.

Ntchito ya mpeni, lezala ndi guluu wouma msanga ndi ya wamkulu. Mwana ayeze, ajambule, agwirire, akulunge. Mikanda ndi tizidutswa ta patapata zisakhale pomwe pali khanda lokwawa, pakuti chilichonse kwa ilo ndi chakudya.

Thupi la galimoto

1. Dulani zidutswa ziwiri za katoni, chilichonse masentimita 20 m'litali ndi 8 m'lifupi. Musanadule, yang'anani m'mphepete mwa katoniyo. Mkati mwake muli timizere tangati ta malata. Timizereto tiyende motsata litali la galimoto, kuchoka kutsogolo kupita kumbuyo. Mukadula mopingasa, labala akangokoka katoni ipindika ngati buku. Ili ndi phunziro limene ine ndinalipeza nditawononga kale katoni ziwiri.

2. Matani zidutswa ziwirizo pamodzi, n'kuzitsindika ndi chinthu cholemera mpaka guluu atauma. Yesani kupinda ndi manja. Ikamagonja mosavuta, wonjezerani chidutswa chachitatu.

3. Kumbuyo, pakati penipeni, dulani kampata ka masentimita atatu m'lifupi ndi anayi kulowa mkati. Kumbuyoko kuoneka ngati kuli miyendo iwiri. Mpata umenewu ndi pomwe labala azikulungika pa ekiselo popanda kukhula katoni.

Timapaipi: apa ndi pomwe galimoto imaphunzira kuyenda mowongoka

4. Tembenuzani katoni, mbali ya pansi iyang'ane kumwamba. Ndi lula, jambulani mizere iwiri yopingasa: umodzi masentimita awiri kuchokera kutsogolo, wina masentimita awiri kuchokera kumbuyo. Musayeze ndi maso. Yezani mtunda wa pakati pa mizere iwiriyi kumanja, muyezenso kumanzere. Manambala afanane. Kusiyana kwa mamilimita awiri okha n'kokwanira kuti galimoto izingozungulira bwalo ngati nkhuku yodwala chitopa.

5. Dulani timapaipi tiwiri, masentimita 9 kalikonse, kuti kakaikidwa pa katoni kazitulukira theka la sentimita mbali zonse. Kutulukirako n'kofunika: ndi kumene kumaletsa teyala kukhula m'mbali mwa katoni.

6. Matani timapaipi pa mizere ija ndi guluu, kenako mulimbitse ndi selotepi. Musakanikize kwambiri mpaka kapaipi kuphwatalala, chifukwa ekiselo ithina mkatimo. Ka kumbuyo kamateni kathunthu, kadutse pamwamba pa mpata uja ngati mlatho. Guluu akauma, m'pamene mudule ndi kuchotsa gawo la pakati lomwe lili pa mpatapo. Mukayamba mwadula n'kumamata zidutswa ziwiri payokhapayokha, sizidzayang'anizana bwino, ndipo ekiselo izidzayenda mokakamira.

Paipi ya bolopeni ndi yolimba kuposa kapaipi komwera, ndipo galimoto yake imakhalitsa. Kungoti kudula kwake kumafuna kasowo kodulira zitsulo, komanso muchotse mbali yosongoka ija, chifukwa kumeneko bowo limachepa.

Maekiselo

7. Palani nsungwi mpaka ikhale yobulungira, yonenepa mamilimita atatu kapena anayi, n'kudula ziwiri za masentimita 14. Pewani mfundo. Kuti mudziwe ngati ndi yowongoka, igubuduzeni patebulo: yowongoka imapita myaa, yokhota imadumphadumpha. Yokhotayo musaiwongole, palani ina.

8. Lowetsani ekiselo m'kapaipi, n'kuimika katoni chammbali. Ekiselo yabwino igwa yokha. Ikakakamira, ipaleninso pang'ono ndi kuisalaza, ngakhale poikhula pa simenti yosalala. Kenako paliponse pomwe ikhale mkati mwa kapaipi padetseni ndi pensulo mpaka pade bii. Chakuda cha m'pensulo chimatereretsa bwino kwambiri. Musaike mafuta ophikira, girisi kapena Vaseline. Mafuta amakoka fumbi, ndipo akafika pa labala amamufooketsa.

Kumapeto kwa ekiselo, komwe kulowe mateyala, musapakeko pensulo. Kumeneko tikufuna kugwira.

Mateyala

Apa tikhalitsepo, chifukwa galimoto zambiri zimafera pano.

Teyala la patapata limaposa chivindikiro cha botolo pa zifukwa ziwiri. Limaluma ekiselo lokha popanda kulikakamiza, ndipo limagwira pansi. Chivindikiro ndi pulasitiki youma, guluu saigwira bwino, ndipo pa simenti chimangoterereka. Choncho kumbuyo, komwe kuli mphamvu, ikani a patapata. Kutsogolo mukhoza kuika zivindikiro, palibe vuto, ntchito yake ndi kungogubuduka.

Kukula kwa teyala nakonso kuli ndi masamu ake. Chivindikiro cha botolo la zakumwa ndi cha masentimita pafupifupi atatu kupingasa, ndiye chikazungulira kamodzi galimoto imasuntha masentimita 9 ndi pang'ono. Teyala la masentimita 8 likazungulira kamodzi imasuntha masentimita 25. Labala yemweyo, kukulunga komweko, koma mtunda kuwirikiza pafupifupi katatu. Mwana wa sitandade 6 kapena 7 mupatseni lula awerengere yekha: kupingasa kwa teyala kuchulukitsa ndi 3.14.

9. Pezani kapu kapena chitini cha pakamwa pa masentimita pafupifupi 8. Chijambuleni pa pepala, n'kudula bwalolo ndi lumo. Lipindeni pakati, mulipindenso kachiwiri. Mukalitambasula, pomwe mizere iwiri yakumana ndipo pakati penipeni. Boolani kadontho pamenepo.

10. Ikani pepalalo pa patapata, posankha pomwe sipanadyeke kwambiri. Kuchidendene nthawi zambiri kumakhala kopyapyala mbali imodzi, ndipo teyala lodulidwa kumeneko limayenda chopendekeka. Pewaninso mabowo a zingwe aja. Jambulani bwalo, ikani chizindikiro cha pakati, kenako dulani ndi mpeni wakuthwa, mpeniwo uli chilili, osaupendeketsa. Musafune kudula ulendo umodzi. Zungulirani kangapo, mukuzamitsa pang'onopang'ono.

11. Phatikizani mateyala awiri a kumbuyo n'kuwayerekeza. Lina likakula, likhuleni pa simenti yokhakhala mukulizunguza mpaka afanane. Teyala limodzi likakula kuposa linzake, galimoto imakhotera mbali ya laling'onolo.

12. Boolani pakati ndi msomali wozizira, wochepa kuposa ekiselo. Ndikubwereza: wozizira, ndiponso wochepa. Msomali wamoto umasungunula patapata n'kusiya chibowo choti ekiselo izisambiramo. Msomaliwo ulowe mowongoka, apo ayi teyala lizivina.

Ngati kutsogolo mukuika zivindikiro, apo ndiye msomali wamoto umagwira ntchito. Ugwireni ndi pulayala, muutenthe pa kandulo kapena pa mbaula, n'kuboola pakati. Zivindikiro zambiri zili ndi kadontho pakati kochokera ku fakitale, tsatani komweko. Bowo likakula, kulungani selotepi kapena ulusi kumapeto kwa ekiselo mpaka chivindikiro chilowe mothina. Zivindikiro zazikulu, monga za zigubu za mafuta ophikira, ndi zabwino kuposa tating'ono, chifukwa mphuno ya galimoto siyandikira kwambiri pansi.

13. Lowetsani ekiselo m'kapaipi, ikani mkanda mbali iliyonse, kenako kankhirani mateyala. Mkanda umakhala pakati pa kapaipi ndi teyala kuti ziwirizi zisakhulane. Ngati mulibe mikanda, dulani timabwalo ting'onoting'ono ku botolo la pulasitiki n'kutiboola. Musakankhe teyala mpaka kupanikiza mkanda. Siyani kampata koti ekiselo izitha kusuntha uku ndi uku mamilimita awiri.

14. Yesani kugwira kwake. Gwirani ekiselo ya kumbuyo ndi zala pa mpata uja, dzanja linalo lipotokole teyala. Likazungulira lokha ekiselo ili chiimire, silinagwire. Lichotseni, palani kumapeto kwa ekiselo mbali ziwiri kuti kukhale kophwatalala ngati sikuludiraiva, donthezani guluu m'bowo, n'kubwezera. Samalani guluu asayenderere kulowa m'kapaipi. Dontho limodzi lokha lolowa mmenemo, ntchito yonse mwaiyambanso.

15. Musanakhudze labala, kankhani galimoto ndi chala pa simenti. Iyende mowongoka, mwakachetechete, mita imodzi kapena kuposa. Ikaima msanga kapena ikamalira kwee, pali chomwe chikukhula, ndipo chipezeni panopa. Galimoto yokanika kuyenda poikankha, labala sangaichiritse.

Kokolera labala

16. Thyolani kamtengo ka machesi, mutenge kachidutswa ka sentimita imodzi. Kaikeni mopingasa pakati pa ekiselo ya kumbuyo, pa mpata uja, mbali imodzi itulukire theka la sentimita, inayo ingotulukira pang'ono pongoti ulusi ugwire. Mangani ndi ulusi mopingasitsa kangapo, n'kudonthezapo guluu. Kakauma, zunguzani ekiselo muone ngati kakudutsa pa mpatapo osagunda katoni, ndiponso osakhudza pansi.

Kamtengoka kakhale kowongoka, kosapindika ngati mbedza. Cholinga n'chakuti labala azingokolekedwa, ndipo akatha kumasuka azivuka yekha. Ambiri amamangirira labala ku ekiselo ndi mfundo poopa kuti azichoka. Zotsatira zake n'zakuti labala akatha kumasuka, ekiselo imayamba kumukulunga chobwerera, galimoto imaima mwadzidzidzi ngati yaona apolisi apamsewu, mwinanso n'kubwerera m'mbuyo. Pomwe labala akavuka yekha, galimoto imapitirira ndi liwiro lomwe yatenga, ndipo kamtunda kowonjezerako si kochepa.

17. Lumikizani malabala awiri: lowetsani wina mwa mnzake, mumubweze kudzera mwa iye mwini, n'kukoka. Mfundo yake imamangika yokha.

18. Boolani katoni pakati, masentimita awiri kumbuyo kwa kapaipi ka kutsogolo. Lowetsani mutu wa labala kuchokera pansi kutulukira pamwamba, n'kupisamo kachidutswa ka nsungwi kuti asabwerere. Kanikizani kachidutswako ndi selotepi. Labala tsopano akuyenda kunsi kwa galimoto, mbali yomwe kuli maekiselo.

19. Yezani kutalika kwake. Labala asanatamulidwe, mutu wake uzingofika pa kokolera, kapena upereweko pang'ono. Akatalika kwambiri, maulendo oyamba okulunga amangopita pachabe. Akafupika kwambiri, amakoka ekiselo nthawi zonse. Wotalika mumufupikitse pomukokera pamwamba ndi kumukulunga pa kansungwi kaja. Wamfupi muwonjezere wachitatu.

Kukulunga ndi kuyendetsa

20. Kolekani labala pa kamtengo kaja, n'kuzunguza mateyala a kumbuyo chobwerera m'mbuyo. Ulendo woyamba mugwirizire ndi chala mpaka labala atadzipanikiza yekha pa ekiselo. Yambani ndi maulendo khumi, mukuwerenga. Galimoto ikhale kutali ndi nkhope, yanu ndi ya mwana yemwe, chifukwa labala akaduka amathamangira m'maso.

21. Mateyala muli chigwirire, ikani galimoto pansi, onse anayi akhudze. Siyani osakankha.

Malo abwino ndi simenti ya pakhonde kapena ya m'kalasi, yosesa bwino. Pa mchenga siyenda. Pa matailosi ndi pansi popaka polishi mateyala amaterereka. Pabwalo la dothi louma, lotsindirika, imayenda ndithu koma mtunda umachepa.

22. Wonjezerani maulendo awiriawiri, mukuika chizindikiro cha choko kapena khala pomwe yaima. Mukamva labala wauma, zala zikulimbana naye, lekerani pomwepo. Nambala imeneyo muilembe pa katoni kuti ana asamapyole.

Ikayenda bwino, m'pamene muganize zoikongoletsa. Paketi ya Chibuku yotsuka bwino, kapena botolo lodula pakati, limakhala bodi yabwino. Ingokhalani osatseka mpata wa kumbuyo, ndipo bodiyo ikhale yopepuka. Mwana wa mlongo wanga anamata mipando, chiwongolero ndi matumba awiri a mchenga oti ndi chimanga chopita kumsika, galimoto yomwe inkadutsa khonde lonse n'kuyamba kuthera pa khomo. Anakana kutsitsa katundu. Anati lole yodzaza sithamanga.

Zolakwika zofala ndi mankhwala ake

Mateyala akuzungulira pamalo amodzi. Kumbuyo kwapepuka, kapena pansi m'poterera. Matani kamwala kapena nati yakale pa mwendo uliwonse wa katoni, pamwamba penipeni pa ekiselo ya kumbuyo, zolemera mofanana. Yambani ndi zochepa. Ngati kumbuyo munaika zivindikiro, zivekeni labala m'mphepete kapena kachidutswa ka chubu cha njinga, apa ndiye chubu chija chimathandiza. Nthawi zina mankhwala ake ndi kuchepetsa mphamvu: labala mmodzi wopyapyala, wotalika, amapititsa galimoto patali kuposa atatu ophatikiza amene amathera mphamvu yonse pa sekondi imodzi.

Labala wamasuka koma mateyala sanazungulire n'komwe. Ekiselo ikuzungulira mkati mwa teyala. Bwererani pa sitepe 14. Kapena ndi kokolera kamene kamasuka n'kumazungulira pa ekiselo. Kamangeninso, ndipo musanamange palani pang'ono pamalopo kuti pakhale pophwatalala.

Ikukhotera mbali imodzi. Yang'anani zinthu zitatu motsatana: kukula kwa mateyala, mtunda wa pakati pa timapaipi kumanja ndi kumanzere, ndi teyala lomwe likukhula kapaipi. Ngati ndi timapaipi, musavutike ndi ka kumbuyo. Matulani ka kutsogolo n'kukasuntha pang'ono: galimoto ikamakhotera kumanja, mbali ya kumanja ya kapaipiko ipite kutsogolo milimita imodzi, muyese, kenako mumate.

Ikuyenda modumphadumpha. Bowo silili pakati pa teyala, kapena ekiselo ndi yokhota. Nyamulani galimoto, zunguzani mateyala mukuyang'ana kuchokera kumbuyo, muona lomwe likuvina. Bowo lolakwika silikonzeka poboola lina pambali pake, mabowo awiriwo amangolumikizana. Dulani teyala lina.

Labala akuvuka mukangoyamba kukulunga. Kokolera kafupika, kapena labala watalika. Gwirizirani ndi chala ulendo woyamba, zikapitirira fupikitsani labala.

Labala savuka pomaliza. Kokolera katalika, kapena kali ndi chibuluma cha guluu kumutu komwe labala akukodwa. Kaduleni pang'ono ndi kukasalaza.

Labala akavuka akukwekwereza pansi n'kukodwa. Pindani kawaya kopyapyala ngati chilembo cha U, mukabaye ku katoni chapakati kuti labala azidutsa mkati mwake momasuka. Akavuka azitsamira pamenepo.

Ekiselo ya kumbuyo yapindika kapena yathyoka. Mpata mwaukulitsa kuposa masentimita atatu, kapena nsungwi mwaipala mopitirira. Ikani yonenepako pang'ono. Mukhozanso kugwiritsa ntchito sipoko ya njinga, yomwe sithyoka, koma poti ndi yosalala teyala siliigwira: pindani kumapeto kwake ngati chilembo cha L, n'kukanikizira kopindikako m'thupi la teyala la patapata chakunja.

Inkayenda dzulo, lero ikukana. Funsani komwe inagona. Katoni ikagona pachinyontho imafewa ndi kupotoka, ndipo labala wosiyidwa padzuwa kapena wosiyidwa chikulungire usiku wonse amafooka. Masewera akatha, vulani labala pa kokolera, galimoto muyiike m'nyumba pamalo ouma, ndipo malabala awiri apadera muwasunge m'kabotolo kotseka.